Tageti ikasanduka chikwapu: mmene mtsogoleri angapewere kugwetsa mphwayi ogulitsa malonda

Pa kampani imene moyo wake umadalira malonda, monga banki, kampani ya inshuwaransi, kampani ya mafoni kapena bungwe lobwereketsa ndalama, wogulitsa aliyense amakhala ndi chiwerengero chimene anapatsidwa kuti achikwanitse pa tsiku, pa sabata kapena pa mwezi, chimene ambiri amangochitchula kuti tageti. Tageti payokha si yoipa, popeza kampani yosadziwa kuchuluka kwa zimene ikufuna kugulitsa siingakhalitse. Zinthu zimasokonekera pamene atsogoleri asiya kuona anthu awo ndi makasitomala n'kuyamba kuona chiwerengero chokhacho, chifukwa pamenepo ogwira ntchito amayamba ndi mantha, kenako amagwa mphwayi, ndipo pamapeto pake ena amachoka pomwe ena amaphunzira kuphimba mabwana awo m'maso. Malangizo awa alembedwera amene akuyang'anira gulu la ogulitsa, kaya ndi supavaiza wa anthu ochepa, manijala wa nthambi kapena mkulu wa kampani yonse, ndipo atsamira pa nkhani ya banki ya Wells Fargo ya ku America, chifukwa zimene zinkachitika mkati mwake zinafufuzidwa ndi kulembedwa poyera kuposa za makampani ambiri.

Mu September 2016, mabungwe awiri a boma la America oyang'anira mabanki, Consumer Financial Protection Bureau ndi Office of the Comptroller of the Currency, pamodzi ndi loya wa mzinda wa Los Angeles, analipiritsa bankiyi chindapusa cha madola 185 miliyoni, zitadziwika kuti ogwira ntchito ake anatsegula maakaunti ndi makhadi a ngongole pafupifupi 2 miliyoni amene zinkaoneka kuti eni ake sanawapemphe. Chaka chotsatira atawerenganso mofatsa, chiwerengerocho chinakwera kufika pa 3.5 miliyoni. Anthu pafupifupi 5,300 anali atachotsedwa kale ntchito pa milandu yotereyi kuyambira mu 2011, ndipo ambiri mwa iwo anali a m'munsi, amene amakhala pa kauntala ndi pa desiki kulandira makasitomala. Mu April 2017, mamembala a bodi amene sanali ogwira ntchito pa bankiyi anatulutsa lipoti la kafukufuku wawo, ndipo lipotilo linaloza chala atsogoleri ndi kayendetsedwe ka malonda, osati ogulitsa okha.

Yambani ndi kufunsa kumene tageti yachokera

Mtsogoleri akaona kuti anthu ake afooka, kawirikawiri amathamangira kuitanitsa msonkhano wowalimbikitsa kapena wowaopseza, koma poyenera kuyambira ndi pa tageti yeniyeniyo, kuti anaiika ndani, anaiwerengera bwanji, ndipo anafunsapo ndani. Ku Wells Fargo, cholinga chimene akuluakulu ankachilengeza monyadira chinali chakuti banja lililonse losunga ndalama kumeneko likhale ndi zinthu 8 za bankiyo, monga akaunti yolandirira malipiro, akaunti yosungira ndalama, khadi la ngongole, ngongole ya nyumba ndi zina zotero. Mu lipoti la pachaka la 2010, mkulu wa bankiyi, John Stumpf, analemba yekha kuti anasankha nambala imeneyi chifukwa m'Chingerezi imamveka mofanana ndi liwu lotamandira chinthu chabwino kwambiri. Mwina ankaseleula, koma kwa munthu wa pa kauntala nambalayo sinali nthabwala. Matageti ankakonzedwa ndi akuluakulu a gawo loona za nthambi, limene ankalitsogolera Carrie Tolstedt, n'kumatsitsidwa kupita ku zigawo, ku nthambi, mpaka kwa munthu mmodzimmodzi. Lipoti la bodi likunena kuti ena mwa matagetiwa ankaikidwa akuluakulu akudziwa kale kuti ndi theka lokha la zigawo limene lingawakwanitse, ndiponso kuti oyang'anira zigawo amene ankadandaula kuti ziwerengero zakwera mopitirira muyeso sankamveredwa.

Tageti yotere siwonjezera khama ngati mmene atsogoleri ena amaganizira. Munthu amene wayesetsa mwezi wonse, waimbira foni aliyense amene amamudziwa, wachonderera kasitomala aliyense wolowa pakhomo, koma n'kupezeka kuti waperewera ndithu, sabwera mwezi wotsatira ndi mphamvu zatsopano. Amabwera atadziwa kuti khama lake silisintha kanthu, ndipo akafika pamenepo chimene chimamutsalira ndi kugwira ntchito mwamwambo chabe podikira tsiku lochotsedwa, kufunafuna ntchito kwina, kapena kudzera njira yachidule. Ku Wells Fargo njira yachiduleyo inali yodziwika bwino m'nthambi zambiri. Wogwira ntchito ankatsegulira kasitomala akaunti yachiwiri osamuuza, n'kusamutsirako ndalama kuchokera ku akaunti yake yeniyeni kuti kompyuta iwerenge kuti malonda achitika, kenako n'kuzibweza pakapita masiku. Ena ankalemba maadiresi a imelo abodza pofuna kulembetsa anthu kuti azigwiritsa ntchito banki pa intaneti, ena ankapangira makasitomala makhadi ndi manambala achinsinsi amene eni ake sanapemphe, ndipo ena ankachonderera abale ndi anzawo kuti atsegule maakaunti amene sadzawagwiritsa ntchito n'komwe. Kasitomala ankadzazindikira atadulidwa ndalama pa akaunti imene sakuidziwa.

Kuti mudziwe ngati tageti yanu ndi yotheka, tengani zimene munthu aliyense anagulitsa m'miyezi 12 yapitayo, muchotsemo malonda onse amene anabwezedwa, amene kasitomala anadandaula nawo, ndi amene sanagwiritsidwepo ntchito, kenako muone kuti ndi anthu angati amene akanakwanitsa tagetiyo ndi malonda otsalawo. Ngati ogulitsa anu okhalitsa, amene mumawadziwa kuti ndi akhama ndiponso okhulupirika, akuperewera mwezi ndi mwezi, ndiye kuti cholakwika ndi chiwerengerocho. Mukapeza zimenezi, khalani pansi ndi ogulitsawo musanalengeze tageti yatsopano, muwafunse kuti pa tsiku amaonana ndi anthu angati, mwa anthuwo ndi angati amene amafunadi chinthucho, ndipo zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti munthu avomere. Kufunsa sikutanthauza kuti aliyense adziikire tageti imene akufuna. Komabe munthu amene wafotokozeredwa mmene chiwerengero chapezekera, n'kupatsidwa mpata wotsutsapo, amachitenga ngati chake, ndipo akaperewera amafufuza chifukwa m'malo mofufuza pobisala.

Nyengo nayonso iyenera kulowa m'masamu amenewa. Wells Fargo inali ndi kampeni ya chaka ndi chaka yotchedwa Jump into January, imene inkakweza matageti a tsiku ndi tsiku m'mwezi wa January kuti chaka chiyambe mwamphamvu, ndipo chimene chinkachitika n'chakuti ogwira ntchito ena ankasunga mafomu a makasitomala a mu December osawalowetsa, podikira kuti adzawerengedwe mu January. Kasitomala ankadikira popanda chifukwa, ndipo banki sinkapindula kanthu. Kuno kwathu aliyense wogulitsa inshuwaransi kapena katundu wa pangongole amadziwa kuti January ndi February ndi miyezi ya fizi, feteleza ndi kugula chimanga, pomwe m'madera a alimi ndalama zimaoneka misika ya fodya ndi mbewu zina ikatsegulidwa. Kupereka tageti yofanana mwezi uliwonse, kapena yofanana kwa wogulitsa wa m'tauni ya anthu olandira pamwezi ndi wa kumudzi kwa alimi, ndi kuuza anthu anu kuti simudziwa kumene amagwira ntchito, ndipo iwo amamva uthenga umenewo ngakhale simunaunene.

Samalani ndi mmene mumafunsira ziwerengero

Tageti ikhoza kukhala yabwino koma kafunsidwe kake n'kukhala koipa. Ku Wells Fargo kunali malipoti a tsiku ndi tsiku ndi a pamwezi otchedwa Motivator, amene ankandandalika zigawo ndi madera kuyambira ogulitsa kwambiri mpaka otsalira, ndipo mamanijala ankakhala ndi mantha tsiku limene malipotiwa atuluka. M'madera ena oyang'anira ankaimbira foni anthu awo kangapo pa tsiku kufunsa kuti afika pati. Lipoti la bodi likufotokozanso kuti m'chigawo china, pa nthawi ya kampeni ya January ija, mamanijala ankavala zovala ngati za zisudzo, n'kumathamanga mmodzimmodzi pakati pa mizere ya anzawo kukalemba pa bolodi kuchuluka kwa zimene agulitsa. Amene anakonza zimenezi mwina ankati akusangalatsa anthu, koma kwa manijala amene dera lake silinagulitse sabata imeneyo kunali kuyalutsidwa pamaso pa anzake, ndipo munthu woyalutsidwa akabwerera ku nthambi amakaphwetsera mkwiyo pa amene ali pansi pake.

Taganizirani msonkhano wa m'mawa umene ambiri timaudziwa. Ogulitsa aima mozungulira, mapepala ali m'manja, ndipo supavaiza akuwerenga mayina. Wina akuti, "Bwana, dzulo ndinapeza awiri okha, koma pali atatu amene anena kuti ndiwaonenso akalandira." Supavaiza amene amangoona chiwerengero amayankha kuti, "Awiri? Mwayenda tsiku lonse kuti mubweretse awiri? Kunjaku kuli anthu ambiri akusaka ntchito." Mawu amenewa satenga ngakhale mphindi imodzi, koma onse amene aima pamenepo aphunzirapo kuti kunena zoona kumabweretsa manyazi, ndipo mawa lake aliyense adzatchula chiwerengero chokometsera. Supavaiza wina, pomva mawu omwewo, amafunsa kuti, "Achimwene, atatu amenewo amalandira liti, ndipo chikuwakayikitsa n'chiyani? Kodi ndi mtengo, kapena sanamvetse mmene zimayendera?" Funso lachiwirili limatulutsa zimene kampani ikhoza kugwiritsa ntchito, monga zakuti mtengo wakwera kuposa wa opikisana nawo, kapena zakuti fomu ndi yaitali moti anthu amatopa nayo, ndipo wogulitsayo amachoka pamsonkhano akudziwa chochita.

Choncho chepetsani kufunsa ziwerengero kufika pa kamodzi pa tsiku, pa nthawi yodziwika, ndipo nthawi yotsalayo muigwiritse ntchito poyenda ndi ogulitsa anu kukaona mmene amalankhulira ndi makasitomala. Mndandanda wa opambana ukhoza kuikidwa pakhoma, koma mayina a otsalira asamaikidwe poyera, ndipo kudzudzula kuzichitikira m'ofesi chitseko chili chotseka. Masiku ano bolodi lija linasamukira pa gulu la WhatsApp la kuntchito, kumene bwana amatha kulemba usiku kapena Lamlungu kufunsa munthu pamaso pa onse chifukwa chake sanagulitse. Ikani malire a nthawi yolembera pa gululo, ndipo oyamba kuwasunga mukhale inuyo.

Werengani zizindikiro anthu asanayambe kutsanzika

Ogulitsa amene agwa mphwayi sabwera kudzakuuzani, chifukwa ntchito yawo inawaphunzitsa kumwetulira ngakhale mtima ukuwawa. Muyenera kuziona nokha m'mabuku ndi m'makhalidwe. Chizindikiro chosavuta kuwerenga ndi kuchoka kwa anthu. M'gawo la nthambi la Wells Fargo, kuyambira mu 2011 mpaka mu 2015, anthu osachepera 30 pa 100 alionse ankachoka pa chaka, ndipo m'miyezi 12 yothera mu October 2012 chiwerengerocho chinafika pa 41. Akuluakulu ankadzitonthoza ponena kuti m'masitolo ndi m'malo ena ogulitsira anthu amachokanso chomwecho, osaona kuti aliyense wochoka amalowedwa m'malo ndi munthu wosadziwa ntchito, amene amaphunzira msanga kwa otsalawo kuti pano timapulumuka bwanji. Kuyambira mu 2005 mpaka mu 2012, chiwerengero cha maakaunti atsopano amene eni ake ankaikamodi ndalama chinkatsika, kusonyeza kuti malonda akuchuluka pa pepala pokha.

Pa gulu lanu yang'anani ngati malonda amawunjikana m'masiku atatu omaliza a mwezi n'kubwezedwa mwezi wotsatira. Onani ngati anthu amadwala kawirikawiri pa masiku opereka malipoti, ngati ogulitsa akale asiya kuthandiza atsopano, ndiponso ngati mikangano yolimbirana kasitomala mmodzi yachuluka. Chizindikiro choopsa kuposa zonsezi ndi msonkhano wabata, umene mukafunsa ngati pali funso onse amayang'ana pansi, koma mukangotuluka phokoso limayamba. Atsogoleri ambiri amakondwera ndi bata limeneli poganiza kuti ndi ulemu, pomwe nthawi zambiri limatanthauza kuti anthu anaona kale kuti kulankhula n'kutaya nthawi. Munthu akamachoka, musangomulandira makiyi ndi foni ya kampani, koma wina amene si bwana wake akhale naye pansi n'kumufunsa chimene chamuchotsa, ndipo mayankho a anthu angapo aikidwe pamodzi kuti muone ngati akutchula dzina limodzi kapena vuto limodzi.

Konzani malipiro kuti asalimbane ndi chikumbumtima

Komishoni imakoka anthu kupita kumene mwailozetsa. Mu 1992, boma la California linaimba mlandu magaraja a kampani ya Sears kuti ankauza eni magalimoto kuti asinthe zipangizo zimene zinali zisanawonongeke, ndipo zinapezeka kuti olandira makasitomala m'magarajawo ankalipidwa malinga ndi kuchuluka kwa zimene agulitsa, komanso anali ndi matageti a zipangizo zina. Kampaniyo inathetsa kalipiridwe kameneko chaka chomwecho. Ku Wells Fargo zinthu zinali zosiyana pang'ono, ndipo kusiyanaku n'kofunika kukumvetsa: ogwira ntchito amene anagwidwa ankatchula kawirikawiri kupanikizidwa ndi mabwana ndi mantha ochotsedwa ntchito, osati kufuna bonasi. Izi zikusonyeza kuti kukonza komishoni kokha sikukwanira ngati kuopseza kukupitirira.

Komabe pali zoyenera kuzisunga. Malipiro okhazikika akhale okwanira kuti munthu alipire nyumba ndi kudya ngakhale mwezi utavuta, kuti komishoni ikhale chowonjezera, osati chopulumukira. Gawo lina la komishoniyo lizilipidwa pakapita miyezi ingapo, zikatsimikizika kuti kasitomala akugwiritsadi ntchito chimene anagula, kaya ndi akaunti, inshuwaransi kapena layini ya foni, ndipo wogulitsa auzidwe lamuloli asanayambe ntchito. Musasinthe malamulo a komishoni mwezi uli mkati, ndipo musakweze tageti ya munthu chifukwa choti waikwanitsa msanga, popeza mukatero mwamuphunzitsa kuti mwezi wamawa abise malonda ena. Komishoni ilipidwe pa tsiku limene munalonjeza, pamodzi ndi pepala losonyeza mmene yawerengedwera. Wogulitsa amene amagula yekha mayunitsi oimbira makasitomala ndi kulipira yekha minibasi, kenako n'kudikira miyezi iwiri kuti alandire komishoni yake, sangalimbikitsidwe ndi mawu okoma a pamsonkhano.

Tsegulani njira yoti nkhani zoipa zikufikeni

Pano ndi pamene utsogoleri wa Wells Fargo unalephera kwambiri, chifukwa vutoli silinali lobisika. Mu December 2013 nyuzipepala ya Los Angeles Times inalemba mwatsatanetsatane za kupanikizidwa kwa ogwira ntchito ndi maakaunti abodza, ndipo mu May 2015 mzinda wa Los Angeles unasumira bankiyi. Bankiyi inali ndi nambala ya foni yapadera yoti ogwira ntchito aziululirapo zachinyengo, koma nkhaniyi itaphulika ena mwa ogwira ntchito akale anauza atolankhani kuti anachotsedwa ntchito atangoimba nambala imeneyo, pa zifukwa zina monga kuchedwa kufika kuntchito. Mu April 2017, bungwe la boma la Occupational Safety and Health Administration linalamula bankiyi kuti ibwezeretse pa ntchito manijala wina amene anachotsedwa mu 2010 ataulula zimene ankaziganizira kuti ndi chinyengo, ndiponso kuti imulipire madola pafupifupi 5.4 miliyoni. Mamembala a bodi nawo anati chiwerengero cha anthu 5,300 ochotsedwa ntchito anachimva koyamba mu September 2016, pamodzi ndi dziko lonse.

Bokosi la madandaulo kapena nambala ya foni sizithandiza ngati dandaulo limakathera pa desiki ya munthu yemwe akudandaulidwayo. Konzani kuti madandaulo okhudza supavaiza azilandiridwa ndi munthu amene malipiro ake sadalira malonda a gulu limenelo, ndipo wodandaula aziuzidwa pasanathe nthawi yodziwika zimene zachitika pa nkhani yake. Ngati munthu amene anadandaulapo akufuna kupatsidwa chilango m'miyezi yotsatira, nkhaniyo iyambe yaonedwa ndi wamkulu wina, chifukwa kubwezera sikubwera ndi dzina lake lenileni. Kumabwera ngati kalata yochenjeza za kuchedwa, kusamutsidwira ku dera louma, kapena kulandidwa makasitomala abwino. Ogulitsa amaona zimenezi msanga kuposa mmene mabwana amaganizira, ndipo munthu mmodzi akalangidwa chifukwa cholankhula, gulu lonse limatseka pakamwa kwa zaka.

Inuyo ngati mkulu musamangodalira malipoti olembedwa ndi mamanijala, pakuti aliyense wolemba lipoti amachotsamo zimene zingamuvutitse, ndipo nkhani ikadutsa m'manja mwa anthu anayi imakufikani itasalala. Pitani ku nthambi osalengeza, khalani ndi ogulitsa popanda bwana wawo, ndipo muimbire nokha makasitomala angapo atsopano mwezi uliwonse kuwafunsa ngati akudziwa chimene anagula ndi ndalama zimene azidulidwa. Manijala akakubweretserani nkhani yoipa, samalani nkhope yanu ndi mawu anu oyamba, chifukwa amenewo ndi amene adzasankhe ngati adzabwerenso.

Musanachotse munthu ntchito

Akuluakulu a Wells Fargo atauzidwa kuti chaka chilichonse munthu mmodzi pa 100 alionse akuchotsedwa ntchito chifukwa cha malonda achinyengo, anaona ngati ndi nkhani yabwino, poti 99 otsalawo ndiye kuti akuchita bwino. Sanadzifunse kuti n'chifukwa chiyani anthu 1,000 pa chaka, okhala m'mizinda yosiyana ndiponso osadziwana, akulakwa mofanana. Munthu mmodzi akanamiza kasitomala, mlandu ndi wake ndipo ayenera kulangidwa. Koma mukachotsa wachitatu pa cholakwa chomwecho, imani kaye mufufuze supavaiza wawo, tageti yawo ndi mmene anaphunzitsidwira. Onaninso amene mukuwakweza pa udindo. Ku bankiyi mamanijala a ziwerengero zapamwamba ndi amene ankatamandidwa ndi kukwezedwa, ndipo anzawo ankatengera njira zawo. Ogwira ntchito samvera kwenikweni zolembedwa pakhoma zonena za kukhulupirika. Amayang'ana amene wakwezedwa, n'kudziwa chimene kampani imafunadi.

Kwa amene ali ku Malawi, lamulo la ntchito la 2000, Employment Act, mu ndime 57 limanena kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso kuti ngati chifukwacho chikukhudza khalidwe lake kapena kagwiridwe kake ka ntchito, apatsidwe kaye mpata wodziteteza. Ndime 60 imalola wogwira ntchito kusiya ntchito n'kuonedwa ngati wachotsedwa mosayenera, ngati khalidwe la bwana lafika poti n'kosatheka kupitiriza, ndipo milandu yotereyi imamvedwa ku khothi loona za ntchito, Industrial Relations Court. Choncho kuperewera pa tageti sikuyenera kusanduka kalata ya tsiku limodzi. Munthuyo auzidwe molemba pamene akuperewera, athandizidwe, apatsidwe nthawi yokwanira, ndipo amvedwe. Otsalawo amaonetsetsa mmene mnzawo wachotsedwera, ndipo amadziwa kuti tsiku lina adzachitidwa chimodzimodzi.

Ngati inuyo muli pakati, ndipo ngati zinthu zawonongeka kale

Ambiri owerenga malangizowa si eni kampani. Ndi masupavaiza ndi mamanijala amene amalandira tageti kuchokera kumwamba popanda kufunsidwa. Mphamvu zanu n'zochepa, koma zilipo. Mukhoza kukana kutsitsira anthu anu mawu onyoza amene inuyo mwauzidwa. Mukhoza kulembera akuluakulu mwaulemu, ndi ziwerengero za makasitomala olowa, za malonda obwezedwa ndi za anthu ochoka, kusonyeza kuti tagetiyo siingatheke mwachilungamo, n'kusunga kope ya kalatayo. Muwauzenso anthu anu momveka kuti malonda opanda chilolezo cha kasitomala simukuwafuna ngakhale gulu litaperewera, ndipo tsiku limene gulu laperewera mukaime nokha pamaso pa akuluakulu m'malo motchula mayina. Ngati mwalamulidwa pakamwa kuchita chinthu chokayikitsa, pemphani kuti lamulolo lilembedwe. Kawirikawiri limathera pomwepo.

Pamene zinthu zawonongeka kale, mtengo wokonzera umakhala waukulu kuposa phindu limene linapezeka. Stumpf anatula pansi udindo mu October 2016, ndipo mu 2020 analetsedwa kugwiranso ntchito m'mabanki n'kulipitsidwa madola 17.5 miliyoni. Tolstedt anavomera mu 2023 mlandu wosokoneza kafukufuku wa oyang'anira mabanki. Bankiyo inavomera mu February 2020 kulipira madola 3 biliyoni ku boma, ndipo kuyambira mu February 2018 mpaka mu June 2025 banki yaikulu ya dzikolo, Federal Reserve, inailetsa kukulitsa chuma chake kupyola malire amene inaika. Mkati mwa nthambi, matageti a malonda anathetsedwa mu October 2016, ndipo mu January 2017 kunabwera kalipiridwe katsopano koyang'ana mmene makasitomala akuthandizidwira, ngati akugwiritsadi ntchito maakaunti awo, ndi mmene nthambi yonse ikuchitira m'malo mwa munthu mmodzimmodzi.

Kampani yaing'ono siifunika kuthetseratu matageti, koma dongosolo lokonzera ndi lofanana. Mtsogoleri ayambe ndi kuima pamaso pa gulu n'kutchula mosabisa chimene chinalakwika pa mbali ya utsogoleri, popanda kuwonjezerapo mawu oti nanunso munalakwitsa. M'sabata yomweyo asinthe chinthu chimodzi chooneka ndi maso, monga kutsitsa tageti, kulipira komishoni imene inatsalira kapena kuchotsa mndandanda wa otsalira pakhoma, chifukwa anthu amene analonjezedwapo zambiri sakhulupiriranso mawu. Supavaiza amene amadziwika ndi kunyoza anthu achenjezedwe, ndipo akapanda kusintha achotsedwe pa udindowo ngakhale ziwerengero zake zili zapamwamba. Pomaliza, tsegulaninso mafayilo a amene anachotsedwa kapena kusiya ntchito chifukwa cha matageti akalewo. Wells Fargo inalengeza mu April 2017 kuti inali italembanso ntchito anthu pafupifupi 1,000 amene anachoka kale. Muone amene anachotsedwa chifukwa choperewera chabe, popanda chinyengo chilichonse, muwalembere kalata, muwakonzere umboni wa ntchito umene sungawatsekere mwayi kwina, ndipo mpata ukapezeka muyambe mwaitana iwowo.